Corolla yanga ikumwa madzi koma pansi sipakudontha, kodi ndi hedi gasiketi?

MaiAThoko
Muli bwanji nonse a m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za injini. Ndili ndi Toyota Corolla ya 2003, ija ya injini ya 1NZ, yayenda makilomita opitirira 240,000. Mu Okutobala ndikuchokera ku Chikwawa kokaona mayi, singano ya kutentha inakwera mpaka pofiira ndili pa zitunda zija mukangochoka pa Thabwa. Ndinaima, ndinadikira izizire, ndinathira madzi n'kufika ku Blantyre. Chichokereni tsiku limenelo madzi akumatha mu rediyeta, pafupifupi lita imodzi pa sabata, koma pomwe ndimaimika galimoto sipanyowa ngakhale dontho. M'mawa ndikailiza imanjenjemera kwa kamphindi kenako imakhazikika. Makaniko wina wangoyang'ana ndi maso n'kunena kuti hedi gasiketi yapsa, tiphwasule injini. Wina akuti ndigule kabotolo ka mankhwala otseka mabowo, ndithire, zitha. Ine ndine mphunzitsi, ndalama yophwasulira injini si yamasewera, ndipo galimoto imeneyi ndi yomwe imatengera mayi kuchipatala. Ndiyambire pati?

Kabaza265
Gasiketi yapita imeneyo mayi. Onani oyilo, akakhala ngati tiyi wamkaka basi mwatsimikiza.

SipanalaWaNdirande
Pepani nalo vutoli mayi. Zizindikiro mwatchulazo zikulozadi ku gasiketi, makamaka kunjenjemera kwa m'mawako, koma musalole munthu amasule bawuti ngakhale imodzi asanayeze. Madzi amatha kutuluka pansi osanyowa. Rediyeta ya Corolla imeneyi ili ndi thanki ya pulasitiki pamwamba, ikakalamba imachita kamng'alu komwe kamayasama injini ikatentha, madzi n'kuumira pomwepo. Pampu ya madzi ikayamba kutha imadontha pang'onopang'ono pa kabowo kake kapansi, mumangoona zoyerayera zouma m'mbali mwake. Kapu ya rediyeta nayo, sipuling'i yake ikafooka, madzi amathawira mu kathanki kam'mbali n'kumatayika mukuyenda. Palinso hita m'kati mwa dashibodi. Gwirani kapeti kumapazi kutsogoloko, ngati ndi yonyowa kapena magalasi akumachita nthunzi, vuto lili pamenepo.

Yambani ndi makaniko amene ali ndi kapampu koyezera puresha. Amakamanga pakamwa pa rediyeta injini ili yozizira, n'kupopa mpaka pa nambala yolembedwa pa kapu, 0.9 kapena 1.1 bar, n'kudikira mphindi 15 kapena 20. Singano ikatsika ndiye kuti pali potulukira, ndipo ngati ndi kunja muona madzi ndi maso anu. Ikatsika koma kunja kuli kouma, pamenepo ndiye tiyambe kukamba za m'kati.

MaiAThoko
Zikomo a Sipanala. Kapeti ndi youma. A Kabaza, oyilo ndakoka ndodo ija, ndi wakuda bwinobwino, pansi pa kapu yake palibenso zoyera. Ndiye kuti gasiketi ili bwino?

InjiniyaWaKanengo
Ayi mayi, oyilo wakuda sakutsimikiza chilichonse. Gasiketi imatseka njira zitatu pakati pa hedi (chivindikiro cha pamwamba pa injini) ndi buloko (thunthu la injini momwe muli masilinda): momwe mafuta amayakira, momwe madzi amadutsa ndi momwe oyilo amadutsa. Ikaduka pakati pa madzi ndi oyilo, oyilo amasinthadi mtundu monga anenera a Kabaza. Koma kawirikawiri imaduka pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo osakhudzidwa n'komwe. Injini ikamayenda, mpweya wa mu silinda umakankhira mu madzi, mapaipi n'kuuma gwa, madzi n'kumathamangitsidwira mu kathanki. Mukazimitsa, puresha ya mu rediyeta imatsala, ndiye usiku wonse madzi amalowerera pang'onopang'ono mu silinda. M'mawa pulagi ya silinda imeneyo imakhala yonyowa, n'chifukwa chake galimoto imanjenjemera mpaka madziwo atapsa n'kutuluka ku ekizozi. Zomwe mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi zimenezi.

Mungathe kuona zina nokha popanda kulipira munthu. M'mawa injini isanalizidwe, tsegulani kapu ya rediyeta, dzazani madzi mpaka pakamwa, wina alize. Mukaona thovu likutuluka mosalekeza injini isanatenthe n'komwe, chimenecho ndi chizindikiro choipa. Muuzenso makaniko achotse mapulagi onse anayi awandandalike. Pulagi yomwe ikumwa madzi imakhala yoyera kuposa zinzake chifukwa nthunzi imaitsuka. Chenjezo limodzi: kapu imeneyo musadzaitsegule injini ili yotentha. Madziwo amakhala opitirira madigiri 100, amatumphukira kumaso.

Kabaza265
Ndiye mwanena zomwe ndanena ine, kungoti inu mwatalikitsa.

InjiniyaWaKanengo
Ayi achimwene, inu mwati oyilo ndiye umboni. Akanatsatira zimenezo akanapitiriza kuyenda poganiza kuti zili bwino.

AgogoAMinibasi
Ana inu mumakonda zida. Ife tinkayendetsa Hiace pa msewu wa Zomba, rediyeta ikadontha timathiramo dzira laiwisi kapena fodya wopukutira, n'kumaliza tsiku. Mankhwala a m'kabotolowo ndi omwewo, angowaika m'botolo lokongola. Thirani mwana wanga, muyende.

SipanalaWaNdirande
Agogo, ulemu wanu, dzira limakufikitsadi kunyumba ngati kabowo kali pa rediyeta, sindikutsutsa. Koma gasiketi yoduka pa silinda imalimbana ndi moto komanso puresha yoposa ya mu rediyeta kambirimbiri, dzira silingagwire. Ndipo zomwe mwathirazo sizisankha bowo. Zimatsekanso timapaipi ting'onoting'ono ta rediyeta ndi ta hita. Galimoto zambiri zimene zimafika pa garaja pathu zitathiridwa zimenezi zimafuna gasiketi ndi rediyeta pamodzi, pomwe poyamba zikanafuna chimodzi.

AgogoAMinibasi
Hiace zathu zija zinali za hedi yachitsulo, zinkapirira. Izi zanu za aluminiyamu ndikusiyirani eni ake.

DalaivalaWaM1
Funso langa ndi lakuti thermostat, kachida kaja kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, ilimo? Galimoto za ku Japan anazipangira dziko la chisanu. Kuno choyamba ndi kuchotsa thermostat n'kulumikiza fani kuti iziyenda nthawi zonse. Yanga ndinatero, ndimakwera Chiweta popanda vuto.

InjiniyaWaKanengo
Nkhani imeneyi yawononga injini zambiri kuno. Toyota imagulitsa injini yomweyi ku mayiko otentha kuposa kwathu, thermostat ili momwemo. Ya 1NZ imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, ikatseguka yonse sitchinganso madzi. Ntchito yake ina ndi kutseka kanjira kachidule komwe madzi amazungulira m'injini osapita ku rediyeta. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotseguka, madzi ena sapitanso kokazizira. Komanso injini ikachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri poganiza kuti kudakali m'mawa. Ndi mtengo wa mafuta wa masiku ano, mukulipira tsiku lililonse. Ngati yanu imatentha thermostat ilimo, ndiye kuti thermostat inafa kapena rediyeta inatsekeka. Mankhwala ake ndi kusintha, osati kuchotsa.

DalaivalaWaM1
Zaka zingati ndikuyenda choncho, injini sinaphwasulidwepo.

MphwangaWaKaronga
Achimwene a M1, mu Juni podutsa pa Chikangawa usiku singano yanu imakhala pati? Ya bambo anga inalibe thermostat, singano imagona pansi ulendo wonse, hita osatentha, oyilo akumada msanga. Titabwezera zonse zinasintha.

AnaPhiri_Zomba
Achemwali a MaiAThoko, ine ndikambe za mbali ina. Ife amayi tikafika pa garaja tokha, ena amangotchula chinthu chachikulu podziwa kuti sitifunsa. Sindikunena onse, alipo okhulupirika ndithu. Ine Sienta yanga inkatha madzi, munthu anandiuza za gasiketi, mtengo n'kutchula. Ndinapita kwina, anapeza kuti ndi kapaipi kakang'ono kuseri kwa injini komwe kanali katafufuma. Ndiye poyeza muzikhalapo. Funsani kuti ndionetseni. Akasintha chinthu, chakalecho akupatseni m'manja. Zogula kagulani nokha kapena mupite naye limodzi. Makaniko wabwino sakwiya ndi mafunso.

SipanalaWaNdirande
Zoona zimenezo mayi Phiri, ndipo ife amakaniko zimatipweteka chifukwa dzina limaipa la tonse. Ine kasitomala akaima pambali panga ndimasangalala, mawa sadzanena kuti ndinamubera.

WaKuLeeds
Kuno ku UK vuto limeneli analidziwa bwino ndi injini za Rover K-series, zomwe zinali mu Freelander yoyamba ndi MG. Garaja iliyonse ili ndi kachida kamagalasi komwe amathiramo madzi abuluu n'kukaika pakamwa pa rediyeta injini ikuyenda. Mpweya wochokera mu rediyeta umadutsa m'madzi abuluuwo. Ngati muli utsi wa mu silinda, amasanduka achikasu pa galimoto ya petulo, obiriwira pa dizilo. Sipatha mphindi khumi. Funsani block test, ku Blantyre ndi ku Lilongwe alipo amakaniko amene ali nako. Kumbukirani kuti madzi a mu rediyeta awachepetse kaye, asakhudze kachidako, apo ayi zotsatira zimanama.

Chikondi_Biwi
Pepani ndilowerere. Nanga ife a Vitz tilibe singano, tili ndi kanyale kabuluu ndi kofiira basi. Tidziwa bwanji kuti yayamba kutentha?

InjiniyaWaKanengo
Kofiira kakayamba kuphethira imani pomwepo, musati ndifike kaye pa filling station. Ngati mungathe gulani kachida kolumikiza pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, kamaonetsa madigiri enieni pa foni. Koma chachikulu ndi kutsegula boneti kamodzi pa sabata m'mawa. Ndipo dziwani ichi nonse: madzi akatheratu, singano imatha kusonyeza zabwino, chifukwa sensa imayeza madzi, ikakhala mu mpweya imanama. Hita ikasiya mwadzidzidzi kutulutsa mpweya wotentha mukuyenda, madzi atsika kwambiri.

Chikondi_Biwi
Hita kuno timayatsa liti bwana? Ine sindinaigwirepo.

MphwangaWaKaronga
Muziyatsa, imapulumutsa. Singano ikayamba kukwera pa chitunda, zimitsani AC, ikani hita pa moto wonse, fani yake pamapeto, tsegulani mawindo. Imachotsako kutentha mpaka mutapeza poima pabwino. Pa Golomoti paja kukwera kupita ku Masasa zinandithandiza.

MlimiWaMchinji
Ine funso langa ndi la madzi. Coolant, mankhwala othira mu rediyeta aja, wakwera mtengo, chigwereni kwacha mu Novembala 2023 chilichonse cha m'botolo chinathawa. Kuno kulibe chisanu choumitsa madzi. Cholakwika n'chiyani ndi madzi a pa mjigo?

InjiniyaWaKanengo
Bambo a ku Mchinji, coolant sagwira ntchito ya chisanu yokha. Muli mankhwala oletsa dzimbiri. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere womwe umakakamira m'timapaipi ta rediyeta, ndipo madzi wamba amadya aluminiyamu, mapiko a pampu ndi gasiketi yomwe. Mukatsegula hedi ya galimoto yoyenda ndi madzi okha mumapeza m'mbali mwa mabowo a madzi mwakumbika. Chinanso ndi kuwira. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja ya mchere, koma Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndiye kuno amawira pa 96 kapena 97. Coolant wosakaniza theka ndi theka amakweza nambala imeneyo, kapu yabwino n'kuikwezanso kupitirira 120. N'chifukwa chake kapu yotsika mtengo ija ndi yofunika kwambiri. Pangozi thirani madzi aliwonse oyera mufike kunyumba, koma musawasiye momwemo miyezi. Posungunula coolant gwiritsani madzi oyera owonjezera mu batire aja (distilled water), osati asidi.

AnaPhiri_Zomba
Ndiwonjezere kuti coolant ndi poizoni ndipo amatsekemera. Musamusunge m'botolo la zakumwa, ana angamwe. Wotayikira pansi tsukani, agalu amanyambita n'kufa.

MlimiWaMchinji
Ndamva. Koma kwa MaiAThoko panopa kuthira coolant ndi kutaya ndalama, galimoto ikumwa.

SipanalaWaNdirande
Pamenepo ndagwirizana nanu. Kwa masiku ochepawa madzi oyera akwanira, coolant adzathire ntchito ikatha.

Admin_Magalimoto
Abale tibwerere kwa mayi athuwa. A MaiAThoko, mwayeza?

MaiAThoko
Pepani ndinasowa, tinali ndi mayeso kusukulu. Ndinapeza garaja ya kapampu kaja ndipo ndinaima pomwepo monga anenera achemwali a Phiri. Atapopa, madzi anayamba kutuluka pa msoko wa thanki ya pulasitiki pamwamba pa rediyeta, kumbuyo komwe sindikanaona. Ndinasangalala poganiza kuti vuto ndi lomweli. Koma makanikoyo anati tiyeze ndi madzi abuluu aja, ndipo anasanduka achikasu ine ndikuona. Pulagi yachitatu ndi yoyera, zinazo zofiirira. Akuti rediyeta ndi yomwe inayamba, inataya madzi pa zitunda paja, injini n'kutentha, gasiketi n'kupsa. Tsopano ndili ndi mavuto awiri. Mlamu wanga akuti ndisavutike, ndigule injini ina. Mukuti bwanji?

AchimweneKuJoni
Mlamu wanu akunena zoona. Kuno ku Johannesburg injini za 1NZ zochokera ku Japan zili mbwee, ku Durban nakonso. Injini ya makilomita 240,000 yomwe yawira, mukonza hedi lero, mawa iyamba kudya oyilo. Ikani ina muiwale.

SipanalaWaNdirande
Achimwene a ku Joni, injini ya pa shelefu simuidziwa mbiri yake. Makilomita omwe amakuuzani palibe pomwe alembedwa. Ndaikapo injini zobwera choncho, ina yabwino kwambiri, ina inayamba kufuka sabata yomweyo, wogulitsa ali kutali. Kuwonjezera apo pali transipoti, msonkho pa boda, komanso nambala ya injini iyenera kukasinthidwa ku Road Traffic. Injini ya mayiwa inaimitsidwa singano itangofika pofiira, ikulira bwino, oyilo sanasakanikirane ndi madzi. Ine ndingatsegule hedi kaye, ndione. Chigamulo chipangidwe hedi ili pa tebulo.

AchimweneKuJoni
Mukatsegula n'kupeza buloko yapindika? Ndalama yotsegulira yapita.

SipanalaWaNdirande
Yapitadi, koma ndi yochepa poyerekeza ndi injini. Ndipo zikatero tigula injini tikudziwa chifukwa chake.

InjiniyaWaKanengo
Ndili mbali ya a Sipanala, bola ntchito igwiridwe moyenera, chifukwa gasiketi zambiri zimene zimapsanso pakatha miyezi itatu vuto silikhala gasiketi. Mayi, lembani izi mukakambirane ndi makaniko wanu asanayambe.

Hedi ikachoka ipite ku engineering, kwa aja a makina oyezera ndi kupala zitsulo. Akayeze kupindika ndi lula yachitsulo ndi timapepala tachitsulo toyezera mpata. Malire a Toyota pa injini imeneyi ndi 0.05 mm, diso silingaone, ndiye wina asakuuzeni kuti ndayang'ana ili bwino. Akaiyezenso ndi puresha ngati ilibe mng'alu, chifukwa hedi yong'ambika ngakhale muikepo gasiketi ya mtengo wanji imwabe madzi. Ngati yapindika pang'ono aisikime, kutanthauza kuipala ndi makina kuti iwongoke, koma achotse zochepa zokwanira basi, ndipo pamwamba pake pakhale posalala kwambiri chifukwa gasiketi ya 1NZ ndi ya timapepala tachitsulo, sigwira pokhakhala. Sandipepa wa pamanja pa simenti ayi.

Buloko ya 1NZ nayo ndi ya aluminiyamu, osati yachitsulo ngati ya 5A ya Corolla zakale zija, ndiye nayonso iyezedwe ndi lula yomweyo. Mabowo a mabawuti apukutidwe, musatsale madzi kapena oyilo. Mabawuti a hedi alipo khumi ndipo ndi aja amatamuka akamangidwa. Ayezedwe, ngati pali chikayiko gulani atsopano. Amamangidwa ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kuyambira pakati kupita kunja, kenako amapotozedwa madigiri 90 kawiri. Makaniko akakuuzani kuti dzanja langa limadziwa, tengani galimoto yanu. Silikoni pa gasiketi yonse asapake.

Injini imeneyi ndi ya tcheni, osati lamba, ndiye poti atsegula kale aonenso tcheni, tensioner yomwe imaikunga, ndi zotsetserekapo zake. Rabala za mavavu asinthiretu hedi ili panja. Ndipo chomwe chinayambitsa zonsezi chisaiwalike: rediyeta yatsopano, osati kumata pulasitiki, kapu yatsopano, thermostat yatsopano, ndipo aone kuti fani ikuyaka yokha pa nthawi yake.

Kabaza265
Mndandanda umenewo ufika mtengo wa injini ya a ku Joni ija.

InjiniyaWaKanengo
Rediyeta, kapu ndi thermostat adzagulabe ngakhale aike injini ina. Injini yatsopano pa rediyeta yong'ambika iwira pa Thabwa pomwepo.

AnaPhiri_Zomba
Pa gasiketi pomwepo musaumire achemwali. M'mashopu muli za mitengo itatu, zina zili m'paketi yolembedwa Toyota koma si zenizeni. Yotsika mtengo kwambiri isiyeni. Pitani ndi nambala ya chasisi, muyerekeze ndi yakale bowo ndi bowo musanalipire.

SurfYaAtate
Ine ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa Hilux Surf yanga ya 1KZ ikuchita thovu mu kathanki. Ndiye kuti ndi gasiketi basi ngati ya mayiwa?

SipanalaWaNdirande
Bwana, 1KZ imadziwika ndi kung'ambika hedi pakati pa mavavu ikangotentha. Yezani chimodzimodzi, koma konzekerani mtima kuti mwina mufuna hedi ina. Tsegulani nkhani yanu payokha tikambirane bwino, dizilo ili ndi zake.

MaiAThoko
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Ndasankha kutsegula hedi kaye. Koma ndalama ikwana malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi. Pakadali pano ndingamayende nayo kupita kusukulu, makilomita asanu ndi limodzi okha, ndikumathira madzi m'mawa uliwonse? Mayi ali ndi tsiku la kuchipatala sabata yamawa.

DalaivalaWaM1
Mtunda waufupi choncho palibe vuto, ingoyendani ndi chigubu.

InjiniyaWaKanengo
Ine ndikuti iimikeni mayi. Choopsa si kutentha kokha. Bowo la pa gasiketi limakula tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa wina madzi olowa usiku adzachuluka mu silinda yachitatu ija. Madzi safinyika. Mukadzatembenuza kiyi, pisitoni idzagunda madziwo, ndodo yake n'kupindika, pamenepo ndiye injini ya a ku Joni idzafunikadi. Madzi akamapsa mu silinda amawononganso sensa ya ku ekizozi. Za ku Chikwawa musaganize n'komwe, pemphani mlamu wanu akatenge mayi ndi yake.

SipanalaWaNdirande
Ndikugwirizana nazo. Ndipo poti ikhala milungu iwiri chiimire, makaniko abwere akhuthule madzi onse mu rediyeta ndi m'buloko, achotse mapulagi, azunguze injini kuti madzi a mu silinda atuluke, adonthezemo oyilo pang'ono n'kubwezera mapulagi. Madzi akagona mu silinda masabata awiri khoma lake limachita dzimbiri. Mumate kapepala pa chiwongolero kolemba kuti mulibe madzi, wina wa pakhomo angailize. Tsiku lopita ku garaja ikokedwe. Ntchito ikadzatha asinthe oyilo ndi fyuluta, athire coolant pang'onopang'ono hita ili pa moto wonse kuti mpweya utuluke, ndipo sabata yoyamba muziona mulingo m'mawa uliwonse, umatsikako pang'ono kamodzi kapena kawiri kenako uyenera kuima. Ukapitiriza kutsika mubwerere ku garaja tsiku lomwelo.

MaiAThoko
Chabwino, ndaimika. Makaniko abwera Loweruka kudzakhuthula madzi. Ku engineering akandipatsa manambala a hedi ndi buloko ndidzaika pano a Injiniya muwaone ndisanagule gasiketi.